Ng'oma za Bill Ward: kulemera kuja kumachokera kuti?

Mayamiko:
Akuluakulu, pepani ndi usiku, koma tulo tandithawa. Ine ndimaimba ng'oma kutchalitchi, zaka 6 tsopano, ndipo rock sindinakule nayo. Dzulo mnzanga wa besi wanditumizira kanema wa Black Sabbath, uja amalemba kuti Paris 1970. Ndamuonera katatu. Pa nyimbo ya War Pigs maso anga sanachoke pa Bill Ward, woimba ng'oma wawo. Ng'oma zake ndi zochepa, koma akamenya zikukhala ngati denga likugwa. Chomwe chandizunguza mutu ndi ichi: pali malo ambiri pomwe munthuyu sakumenya kalikonse kupatula hi-hat, timbale tiwiri tachitsulo togundana tija, tsi tsi tsi, bandi yonse ili chete. Nanga kulemera konseku kukuchokera kuti? Lero masana ndayesa kutsatira pa ng'oma za kutchalitchi. Pomenya ndikupapeza bwinobwino, koma zikumveka zopepuka ngati ndikugogoda chitini.

Madala a Chinamwali:
Mwana wanga, wayambira pabwino. Ndikonzeko kaye pang'ono: kanemayo sanajambulidwe ku Paris. Anthu anangozolowera kumutchula choncho, koma malo ake ndi Théâtre 140 mumzinda wa Brussels ku Belgium, mu October 1970, patangopita masabata ochepa chimbale cha Paranoid chitatuluka. Anyamata anayi amene ukuwaonawo anali ndi zaka 21 ndi 22 basi.

Yankho la funso lako lili pa zomwe Ward ankamvera ali mwana. Anabadwa mu 1948 ku Aston, ku Birmingham, ndipo makutu ake anakulira pa akatswiri a jazz a ku America: Gene Krupa, Buddy Rich, Louie Bellson. Panalibe woimba ng'oma za metal woti amutengere, chifukwa metal yo inali isanabadwe. Ndiye dzanja lake ndi la swing. Kamenyedwe kake sikaguba mowongoka ngati msilikali pa perete. Kamatsimphina pang'ono, kumenya kwina kutalika, kwina kufupika, ndipo snare, ng'oma yaing'ono yolira mothetheka ija, imafika mochedwerako kachidutswa kakang'ono kwambiri kuposa pomwe khutu lako limayembekezera. Kuchedwa kumeneko ndi komwe kumakukoka m'chiuno.

Kamvere poyambira pa nyimbo yawo ya Wicked World. Utachotsa gitala ya Tony Iommi, ungalumbire kuti walowa mu holo yovinira ya m'ma 1940. Kenako kamvere nyimbo yoyamba ya chimbale chawo choyamba, ija ili ndi dzina la bandi. Pamene Ozzy Osbourne, woimba ndi mawu wa bandiyo, akuimba, Ward sakusunga nthawi n'komwe. Akungogudubuza ma tom apa ndi apo ngati mabingu akutali, ndipo iwe womvera umakhala chilili kudikira kuti mvulayo ifika liti.

Mayamiko:
Eeh Madala, zikomo. Kuchedwa kwa snare kuja ndinakumva, koma ndimaganiza kuti ndi foni yanga ikusiyanitsa mawu ndi zithunzi.

Tadala:
Madala, mundikhululukire, koma ine ndiyankhule za kumtima. Kanemayo ndinamuonera ndipo mphamvu zilipo, sindikukana. Koma mwamva mmene liwiro likusinthira? Nyimbo iyamba pena, pofika pakati yathamanga, kenako yabwereranso. Lero munthu utaimba choncho mu situdiyo akuuza kuti bwerezanso. Ine ndinalowa mu metal kudzera kwa Dave Lombardo wa Slayer ndi Joey Jordison wa Slipknot, ndipo pano ndimamvera kwambiri Tomas Haake wa Meshuggah. Anthu amenewa mapazi awo ndi makina enieni, sakuphonya ngakhale kamodzi. Nthawi zina ndimaona ngati akalewa timawakweza chifukwa anali oyamba, osati chifukwa ankaposa. Ulemu ndiwapatsa, koma luso linapita patsogolo.

Kondwani wa Sound:
Aise Tadala, zomwe wamva n'zoona, liwiro limasinthadi. Koma ine monga munthu amene ndimadya za mawaya ndi ma sipika, ndikufotokozere zomwe zinali pa siteji nthawi imeneyo, kenako uweruze.

Lero drummer amavala tomvera m'makutu, click, kamawu kosunga nthawi kaja, ikulira, ng'oma iliyonse ili ndi maikolofoni yake, ena mpaka amaika ma trigger, tizipangizo tomva kumenya, kuti ngakhale atamenya mofatsa, phokoso lituluke lofanana nthawi zonse. Mu 1969 ndi 1970 m'mabala ndi m'maholo ang'onoang'ono zimenezo kunalibe. PA, makina okwezera mawu aja, inali ya woimba ndi mawu, ng'oma zinkadzionera zokha. Kumbuyo kwa Ward kunali ma amp a Laney a Iommi atakwezedwa mpaka pothera, mbali inayo besi ya Geezer Butler. Ku Deep Purple zinali zoposa pamenepo: Ritchie Blackmore wa gitala ndi amp yake ya Marshall, ndipo Jon Lord anatenga organ ya Hammond n'kuilumikizanso ku Marshall. Ndiye woimba ng'oma akafuna kumveka, njira inali imodzi, kumenya ndi thupi lonse, kuyambira paphewa. Ng'oma yomenyedwa choncho imalira mosiyana. Chikopa chimapereka mawu ake onse, thabwa nalo limayankha. Zimenezi sungazipeze pongokweza batani pa mixer.

Za liwirozo, popanda click nthawi imakhala m'manja mwa anthu anayi nthawi imodzi. Iommi akatentha, Ward amamutsatira. Ozzy akayamba kuombetsa anthu m'manja, zinthu zimakwera. Akafika pa gawo lofuna mantha, onse amabwerera limodzi osauzana. Ukamvetsera bwino upeza kuti liwiro silikusintha mwachisawawa, likusintha pomwe nyimbo yasintha mtima, ndipo onse anayi akusinthira limodzi. Akanakhala kuti Ward akuthamanga yekha anzake atatsalira, ndikanavomerezana nawe kuti ndi kulakwitsa.

Tadala:
Chabwino achimwene, koma simukuvomereza nokha kuti ankachita choncho chifukwa chosowa zipangizo? Akanakhala ndi click akanaigwiritsa ntchito.

Kondwani wa Sound:
Mwina akanatero, ndipo nyimbozo zikanatuluka zina. Ndikuuze zomwe ndinaona ndi maso. Chaka chatha ndinali pa sound pa ukwati wina. Pakati pa phwando ma monitor onse anafa, zomvera m'makutu za drummer nazo zii. Mnyamatayo anachita mantha, ndinamuona. Anavula zomverazo, n'kutembenuza mpando pang'ono kuti aziona dzanja la wa besi. Nyimbo ziwiri zoyamba zinali zogwedera. Yachitatu anagwirana, ndipo kuyambira pamenepo anthu sanakhalenso pansi. Bandi imeneyo ndayenda nayo maulendo ambiri, koma usiku umenewo ndi womwe ndinaimva ikuimba ngati munthu mmodzi. Kanema wa ku Brussels ndikamuonera ndimaona zomwezo: yang'ana maso a Ward kuti akupita kuti. Sakuyang'ana ng'oma zake.

NaBanda:
Moni nonse kuchokera ku Birmingham, ndangoweruka kumene ku ntchito ya usiku ndiye ndapeza nkhani yakoma. Ine ndimakhala kuno ndipo Aston ndimadutsako pa basi. Ndi dera la anthu ogwira ntchito m'mafakitale, tinyumba ta njerwa togundizana, ndipo nthawi imene anyamatawa ankakula munali mudakali mabwinja a mabomba a nkhondo yachiwiri. Pa Broad Street pali mlatho womwe anaupatsa dzina la Black Sabbath, ndi benchi yokhala ndi nkhope za anayi onsewo. Pafupi ndi siteshoni ya New Street pali nyumba ya The Crown, bala yomwe ankaimbamo bandi ikadali ndi dzina loti Earth.

Achimwene a Mayamiko, kuti mumvetse ng'oma za Ward muyenera kudziwa za zala za Iommi. Ali ndi zaka 17, pa tsiku lake lomaliza pa fakitale ya malata, makina anamudula nsonga za zala ziwiri za dzanja lamanja. Iye ndi wamanzere, ndiye limenelo ndi dzanja lokanikizira nsambo. Anasungunula botolo la pulasitiki n'kudzipangira tovala kunsonga kwa zalazo, n'kuyamba kugwiritsa ntchito nsambo zopyapyala. Pofika pa chimbale cha Master of Reality mu 1971 anali atamasula nsambo kuti zitsike mawu, zisamamupweteke pokanikiza. Butler naye anatsitsa besi yake n'kumatsatira gitala phazi ndi phazi. Zotsatira zake ndi ma riff, tizidutswa ta gitala tobwerezabwereza, okhuthala, oyenda pang'onopang'ono, osiya mipata ikuluikulu pakati. Mipata imeneyo ndi munda womwe Ward ankalimamo.

Madala a Chinamwali:
Mayi NaBanda, mwalasa pamtima penipeni. Mayamiko, gwiritsa mfundo imeneyi. M'mabandi ambiri woimba ng'oma ndi mlonda wa nthawi, ena onse amatsamira pa iye. Ku Black Sabbath nthawi inkasungidwa ndi riff. Gitala ndi besi zikamabwereza chinthu chimodzi molimba choncho, ng'oma zimamasuka, zimatha kuyankha, kutsutsa, kufunsa. Zimandikumbutsa mbalule pabwalo: ng'oma zinazo zagwira mayendedwe, mbalule ikuyang'ana mapazi a wovina n'kumayankhula nawo. Sindikunena kuti Ward anaphunzira kwathu, ayi, koma khutu lomwe linakulira pabwalo silivutika kumumva.

Ndipo kugwirizana kumeneko sanakugule. Mu 1969 ankakhala masabata akuimba ku Star-Club ku Hamburg ndi ku Zurich, kukwera pa siteji maulendo angapo usiku umodzi, nyimbo zili zochepa. Ankazitalikitsa, wina aimbe yekha, wina amulandire, mpaka nthawi ikwane. Atalowa mu situdiyo ya Regent Sound ku London kumapeto kwa chaka chimenecho, chimbale choyamba anachijambula tsiku limodzi, pafupifupi chonse akuimbira limodzi monga ankachitira m'bala. Chinatuluka pa 13 February 1970. Ukachimvera, ukumvera shoo yopanda anthu oonerera.

Ba Daka:
Muli bwanji bonse, ndine wanu wa ku Lusaka. Nkhani iyi yanikondweretsa maningi chifukwa kuno kwathu nyimbo zimenezi sizinangomvedwa pa wailesi, zinabala ana. M'ma 1970 anyamata a ku Copperbelt ndi ku Lusaka anamvera Jimi Hendrix, Deep Purple, Black Sabbath ndi Rolling Stones, n'kupanga chathu chomwe manje dziko lonse likuchitcha Zamrock. Kunali WITCH ya Jagari Chanda, Amanaz, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga, ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, amene ankaimba gitala mpaka ndi mano, ndipo nyimbo zake zina zili m'Chinyanja chathu chomwechi. A Kaunda atalamula kuti wailesi iziika kwambiri nyimbo za m'dziko, mabandi amenewa anapeza mpata waukulu.

Ba Mayamiko, inu monga woimba ng'oma, funani Chrissy Zebby Tembo. Anali pa ng'oma mu Ngozi Family, ndipo ali ndi chimbale chake chotchedwa My Ancestors, Paul Ngozi ali pa gitala. Fuzz ya gitala ndi yokhuthala ngati ya ku Birmingham, koma mvetserani zomwe ng'oma zikuchita pansi pake. Sizinaume. Zikuvina. Anthu athu sanavutike kulandira kamenyedwe ka Ward ndi Ian Paice wa Deep Purple chifukwa munali kale malo oti chiuno chilowemo.

Ndiwonjezeko kamodzi: Ginger Baker, woimba ng'oma wa bandi ya Cream, amene ambiri mwa anyamata a ku England amenewa ankamuyang'anira, anapita kukakhala ku Lagos, anamangako situdiyo, ndipo mu 1971 anatulutsa chimbale cha live pamodzi ndi Fela Kuti. Iye mwini dzina la heavy metal ankadana nalo kwambiri, ankadzitcha munthu wa jazz.

Madala a Chinamwali:
Ba Daka, mwandibwezera kutali. Ine Paranoid ndinaimva koyamba pa mbale yomwe achimwene anga anabwera nayo pochokera ku Salisbury komwe ankagwira ntchito. Inali nthawi ya Kamuzu, lamulo silinkalola mwamuna kusunga tsitsi lalitali, ndiye chithunzi cha m'kati mwa chikuto, anyamata tsitsi lili m'mapewa, tinkachiyang'ana ngati cha anthu a dziko lina. Kuwaona akuimba sitinkalota n'komwe. Zaka zonsezo ndinkangoganizira m'mutu mmene Ward ankakhalira pa ng'oma. Kanema wa ku Brussels ndinadzamuona ndili kale ndi imvi, pa foni ya mdzukulu wanga, ndipo thupi lonse linachita tsemwe. Anali monga ndinkamuganizira, wowerama, tsitsi kumaso, akumenya ngati ng'omazo zamulakwira.

Tadala:
Zamrock ndikaifufuza, zikomo Ba Daka. Koma ndibwererebe pa mapazi. Metal yeniyeni kwa ine imayamba pamene ma bass drum awiri ayamba kugunda mosalekeza, monga Philthy Animal Taylor wa Motörhead pa Overkill mu 1979. Akalewa phazi lawo linali limodzi. Ndipo Madala, musandiuze za John Bonham, Led Zeppelin si metal.

Madala a Chinamwali:
Ndikuuza ndithu, mwana wanga. Zoti si metal, Robert Plant ndi Jimmy Page eni ake angagwirizane nawe, dzinalo sankalifuna. Koma palibe woimba ng'oma za metal amene sanamweko pachitsime cha Bonham. Ndipo ma bass drum awiri amene ukuwanenawo anawatchukitsa ndi Louie Bellson, munthu wa jazz, kale m'ma 1940, yemwe uja Ward ankamumvera. Ginger Baker ndi Keith Moon wa The Who anadzawalowetsa mu rock cha m'ma 1966.

Tsopano phazi limodzi. Tenga Good Times Bad Times, nyimbo yotsegulira chimbale choyamba cha Led Zeppelin cha 1969. Bass drum ikuchita timagulu tothamanga totsatizana moti oimba ambiri atamva anaganiza kuti ndi mapazi awiri. Linali phazi limodzi, pa pedal wamba ya Ludwig yotchedwa Speed King. Pedal imeneyo inkalira kwii kwii, ndipo ukavala zomvera m'makutu pa Since I've Been Loving You umaimva bwinobwino. Sanaichotse.

Ukafuna kumuona ndi maso, funa shoo ya ku Royal Albert Hall ya pa 9 January 1970. Pa Moby Dick amafika poika timitengo pansi n'kumamenya ndi manja enieni, snare, ma tom, mpaka ma cymbal. Chomwe anthu saona n'chakuti Bonham sankakweza mikono kumwamba nthawi zonse. Mphamvu zambiri zinkachokera pamfundo ya dzanja, ndipo ankadziwa kumenya mofatsa, timawu ting'onoting'ono ta snare pakati pa zikuluzikulu. N'chifukwa chake chachikulucho chikafika chimagwa ngati thumba la chimanga.

Iye ndi anyamata a Sabbath anali a chigawo chimodzi, Redditch kwawo kwa Bonham si kutali ndi Birmingham, ankadziwana kuyambira m'mabala. Pa ukwati wa Iommi, Bonham ndiye anali best man. Anamwalira pa 25 September 1980 ali ndi zaka 32 zokha, mowa utamupitirira. Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika. Anzake atatuwo sanafune kuika wina pampando wake, mu December chaka chomwecho analengeza kuti bandi yatha.

Kondwani wa Sound:
Pa Bonham ndiwonjeze za ntchito yanga. Ng'oma za pa When the Levee Breaks, zomwe ma producer a hip hop akhala akuzidula n'kumazigwiritsa ntchito, anazijambulira m'nyumba yakale ya Headley Grange. Anaziika pansi pa masitepe, pamalo otalika denga, ndipo injiniya Andy Johns anapachika maikolofoni awiri okha m'mwamba, n'kudutsitsa mawuwo mu kamakina ka echo ka Binson. Pa bass drum panalibe maikolofoni. Kuti zimenezi zitheke, woimbayo ayenera kudzisakanizira yekha mawu ndi manja ake, cymbal isapose snare, snare isamize bass drum. Ma drummer ambiri amene ndimagwira nawo ntchito amasiyira ine zimenezo.

Koma Madala, mwatchula awiri, wachitatu mwamusiya, ndipo kwa ine ndiye mfumu ya pa siteji: Ian Paice wa Deep Purple. Chodabwitsa, atatu onsewa anabadwa chaka chimodzi, 1948, Ward pa 5 May, Bonham pa 31 May, Paice pa 29 June. Paice ndi wamanzere, ng'oma zake amaziyala mosemphana, ndipo ndi yekhayo amene wakhala mu Deep Purple kuyambira 1968 osachokamo nthawi iliyonse bandi ikakhalapo.

Tadala, ngati ukufuna ukhondo ndi liwiro, tenga Made in Japan. Anajambula masiku atatu, 15, 16 ndi 17 August 1972, ku Osaka ndi ku Budokan ku Tokyo, injiniya ali Martin Birch. Mvera mmene Highway Star imayambira: organ ikufufuza njira, snare ya Paice ikubwera chapansipansi ngati sitima ikadali kutali, ikukula, ikukula, mpaka bandi yonse igwera mkati. Palibe amene akuwerenga mokweza. Space Truckin' imatenga pafupifupi mphindi 20, mbali yonse ya mbale, ndipo Paice sakutopa, sakusochera, akumvera Lord ndi Blackmore akukokana n'kumawapatsa pansi poponda. Ward ndi bingu, Bonham ndi thanthwe, koma Paice manja ake ndi a Buddy Rich enieni, opepuka ndi achangu. Ndipo ma bass drum awiri ako aja, kamvere poyambira pa Fireball ya 1971.

Tadala:
Fireball ndangoimvera pompano. Chabwino, pamenepo mwandipeza, sindimadziwa kuti 1971 kunali zoterezi. Koma chimodzi sindisintha: ma solo a ng'oma a nthawi imeneyo ndi otalika mopitirira. Moby Dick ya ku Albert Hall ndi pafupifupi mphindi 15, The Mule ya pa Made in Japan nayonso ndi yaitali. Ine ndimakonda woimba ng'oma ali m'kati mwa nyimbo, osati ali yekha.

Madala a Chinamwali:
Pamenepo sindikutsutsa kwambiri. Solo yaitali inkakoma kwa amene anali mu holomo, akumva mphepo ya bass drum pachifuwa, anzake a bandi akupumako. Pa foni theka la kukomako limatayika. Inenso Ward ndimamukonda kwambiri pa War Pigs kuposa pa Rat Salad pomwe ali yekha.

Chomwe chimandipweteka ine ndi china. Pa chikondwerero cha nyimbo cha California Jam ku America, pa 6 April 1974, pamaso pa anthu pafupifupi 250,000, Sabbath ndi Deep Purple anaimba tsiku limodzi. Anthu akamakamba za tsikulo amangokumbukira Blackmore akuswa gitala pa kamera ya TV ndi ma amp akuphulika moto. Koma poyambirira pa shoo yomweyo Paice anaimba Burn, nyimbo yomwe ng'oma zimagudubuzika pansi pa mawu a woimba osapuma, ndipo anaiimba mwaukhondo. Zimenezo ndi zomwe zinayenera kukumbukiridwa.

NaBanda:
Achimwene a Tadala, ndikuuzeni zomwe zinachitika kuno pa 5 July 2025, chifukwa zikukhudza mkangano wanu ndi Madala. Shoo yomaliza ya Black Sabbath inachitikira pa bwalo la mpira la Villa Park, mu Aston momwemo, mtunda woyenda pansi kuchokera m'misewu yomwe anakulira. Matikiti anatha mwachangu, ine ndinaonera pa intaneti kunyumba, koma mzinda wonse tsiku limenelo unali wa malaya akuda. Tsiku lonse kunaimba Metallica, Slayer, Tool, Gojira ndi ena, mabandi a ma drummer a makina amene mukuwanenawo, ndipo pafupifupi aliyense anaimbako nyimbo ya Sabbath kapena ya Ozzy. Anaimba bwino kwambiri, mwaukhondo.

Kenako usiku anatuluka eni ake anayi, koyamba kuimbira limodzi patapita zaka 20. Kumbukirani kuti pa chimbale chotchedwa 13 mu 2013 ndi pa ulendo wotsanzika womwe unathera kuno mu 2017, Ward panalibe, pampando pake panali ena. Tsiku limeneli Ward anali ndi zaka 77. Anavula malaya monga kale. Mphamvu sizinali za ku Brussels, zimenezo palibe angabise, ma fill ena anawafupikitsa. Koma hi-hat ija itangoyamba pa War Pigs, kutsimphina kuja kunabwerera, ndipo nyimbo inakhala pansi mwa njira yomwe sinakhalire tsiku lonse. Ndinalira ndili ndekha pa mpando. Anaimba nyimbo zinayi zokha, Ozzy atakhala pa mpando wachifumu chifukwa matenda a Parkinson anali atamulanda miyendo. Pa 22 July Ozzy anamwalira. Maluwa amene anthu anaunjika pa benchi ya pa Broad Street ndinakawaona ndi maso anga.

Ba Daka:
Amai NaBanda, zikomo potiuza. Ine ninaonera tizidutswa chabe, koma pa Iron Man, bass drum ija ikuyamba yokha, du, du, du, ninadziwa kuti ni mwini wake wakhalapo.

Mayamiko:
Ndabwerako ku practice, ndiye ndipereke lipoti. Ndinapempha mnzanga wa besi kuti titsale anthu atapita. Tinazimitsa click, ndinatembenuza ng'oma kuti ndizimuona monga ananenera achimwene a Kondwani. Iye anagwira riff imodzi yosavuta n'kumaibwereza. Poyamba manja anga ankafuna kudzaza mpata uliwonse, ndi chizolowezi cha kutchalitchi, ukasiya mpata umaona ngati walakwitsa. Ndinadzikakamiza kungosiya hi-hat ikulira, ndikuwerenga mumtima, kenako n'kugwera pa tom ndi crash limodzi ndi iye. Kachitatu kapena kachinayi zinachitika. Ng'oma zomwezija, zomwe dzulo zimamveka ngati chitini, zinadzaza tchalitchi chonse, mpaka alonda anasuzumira pakhomo. Ndinaonanso kuti ndikamenya snare pakati penipeni, kamtengo kakugunda ndi mkombero womwe, sindikufunikanso kulimbana nayo.

Chomwe chikundikanikabe ndi kuchedwa kuja. Ndikafuna kuchedwetsa snare mwadala, nyimbo yonse ikuchedwa nayo, wa besi akundiyang'ana. Madala, kodi phazi ndi hi-hat zimatsala pa nthawi yake, snare yokha n'kumachedwa? Kapena thupi lonse limakhala kumbuyo?

Kondwani wa Sound:
Hi-hat isasunthe, ndiyo njanji yako. Snare yokha ndiyo itsamire kumbuyo, ndipo pang'ono kwambiri, kosakwana kuphethira. Usaiwerenge, uimve. Dzijambule pa foni, foniyo uiike kutali, pakhomo, osati pafupi ndi ng'oma. Ukamvera uzindikira wekha pomwe wapitirira.

Tadala:
Ine Haake sindimusiya, ndipo ndikuonabe kuti zomwe mapazi a lero akuchita akale sakanazikwanitsa. Koma usiku uno ndabwerera ku Brussels kuja ndi zomvera m'makutu, ndikungotsatira Ward ndi Butler, gitala osailabadira. Pali pena Butler akukwera m'mwamba ndipo Ward akumuthamangira ndi ma tom, akukumana pa crash ngati anapangana. Ndabwereza malo amenewo kasanu. Mayamiko, ukajambula practice yotsatira uponye pano, ndikufuna kumva.

Madala a Chinamwali:
Mayamiko, Kondwani wayankha bwino, koma zinazi pofotokoza ndi mawu zimathawa. Mbale ya Paranoid ya achimwene anga ija ndikadali nayo, pamodzi ndi Made in Japan yomwe ndinadzagula pambuyo pake. Ukadzapezeka ku Zomba udzafike, udzabwere ndi timitengo tako ndi mnzako wa besiyo, Tadala nayenso. Tidzaika Fairies Wear Boots, ndidzakugwira dzanja pa bondo mpaka kamenyedwe kotsimphina kaja kalowe. Vuto ndi singano ya galamafoni, inatha, ikudumpha pa nyimbo zoyamba.

Kondwani wa Sound:
Madala, jambulani mutu wa singanoyo pafupi, nambala yake ioneke, mundiponyere ku inbox. Mwezi wamawa ndikupita ku Johannesburg kukatenga ma cable, ndikakufunirani komweko.